Pa Chipata cha Zii, Dobadoba Ndiwe Wekha

Mphwanga, amayi ako andiuza kuti chigulireni kagalimoto kako ka ku Japan sukugona tulo, ndipo akuti wauza kale anzako kuti tchuthi chikubwerachi ukakayendetsa mpaka kuminda ya mphesa ya ku South Africa. Iwo akufuna ndikuletse. Sindikuletsa, chifukwa ulendo umenewu ine ndinauyenda kawiri, ndipo wachiwiriwo ndi umene ndimaukumbukira ndikakhala pakhonde madzulo. Koma ndamvanso kuti wapeza nzeru yozemba Beitbridge n'kukalowera pa kachipata kena kopanda anthu, ndiye ukuyesa wapeza chidule. Chimenechi ndicho chandikhazika pansi kuti ndikulembere.

Ulendo woyamba ndinadzera njira ya aliyense: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, kenako Beitbridge. Unali mwezi wa December, nthawi imene matchona onse a ku Joni amakhala pamsewu. Tinafika dzuwa likulowa, pasipoti n'kudindidwa kutacha. Palibe amene ndingamuloze chala, pakuti pamenepo m'pamene pamadutsa anthu ndi malole ochuluka kuposa paboda ina iliyonse kuno kummwera kwa Africa, ndipo sipatsekedwa usana ndi usiku. Ndinalumbira kuti sindidzadutsanso. Chimene sindinachione tsiku limenelo n'chakuti chipwirikiti chomwe ndinkachida chija ndicho chinkandinyamula. Pepala likasowa, wojambula mafotokope ali pompo. Ndalama zikakhala za dziko lina, wosintha akukukodola. Ukasochera, mayi wa geni wa ku Ndirande amene wadutsa kambirimbiri akukuuza zenera loyambira. Wa chipisi alipo, wokonza matayala alipo, madobadoba ndiye osanena. Paboda yaikulu ukhoza kufika uli mbuli n'kudutsa ndithu, utalipira ndi tulo ndi ndalama. Pachipata chaching'ono mzere kulibe, komanso zonse ndatchulazi kulibe. Ntchito yonse imene khamu lija limakugwirira uyenera kuigwira wekha patebulo la kwanu usanalize injini.

Yamba ndi mapepala a galimoto, chifukwa munthu amadutsa msanga kuposa galimoto yake. Bulu buku ikhale yeniyeni, ndipo dzina lili m'menemo lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Ngati galimotoyo ikadali pangongole, banki ikulembere kalata yokuloleza kuitulutsa m'dziko, yotchula maiko onse amene udutsemo. Kalata ya apolisi a Interpol yotsimikiza kuti si yakuba ukaitenge kukadali masabata, osati Lachisanu masana pamene ukunyamuka Loweruka. Inshuwaransi ya COMESA, ija timaitcha Yellow Card, idzakuthandiza ku Zambia, koma Botswana ndi South Africa sali mu COMESA, choncho usakaitulutse kumeneko modzitama ngati chiphaso cha kumwamba. Pepala lililonse ulijambule katatu. Ine ndimaika m'maenvulopu osiyana, dziko lililonse yakeyake, ndipo azakhali ako ankandiseka mpaka tsiku limene anaona phindu lake. Matrayango awiri ochenjezera, chozimitsira moto, tizomata tonyezimira toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, chomata cha MW: zonsezi zigule ku Lilongwe pamtengo wa ku Lilongwe.

Ukumbukirenso kuti Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku osaposa 30, ndipo ukapyola ngakhale tsiku limodzi amakuletsa kulowanso kwa chaka. Chidindo chikagwa, werenga tsiku lomwe alemba usanachoke pazenera.

Ulendo wachiwiri tinatulukira kumadzulo. Zipata za Mchinji ndi Mwami anaziphatikiza mu December 2022, moti umaima kamodzi kokha. Kuchokera ku Chipata mpaka Lusaka ndi tsiku lathunthu pa Great East Road, kutsetsereka ndi kukwera m'mapiri a ku Luangwa, ndipo chilankhulo chako chimakuyendetsa bwinobwino mpaka m'misika ya mu Lusaka. Makwacha athu okha ndi amene amathera pa Chipata. Kupitirira apo ndi mapepala chabe. Nyamula madola ndi marandi ochokera kubanki pamodzi ndi risiti yake, ndipo ukhale ndi tindalama tating'onoting'ono ta dziko lililonse, chifukwa misonkho ya msewu, ya utsi ndi ya khonsolo imalipiridwa pamazenera osiyana. Ukadutsa Livingstone umafika pa mlatho wa Kazungula wolowera ku Botswana, womwe anautsegula mu May 2021, wotalika mamita 923 ndipo wokhota ngati chikwakwa. Anaukhotetsa dala kuti usaponde Zimbabwe kapena Namibia, pakuti maiko anayi amayandikana pamadzi amenewo. Kale pankayenda pantoni, malole n'kumadikira masiku. Pamenepa upatsidwa pepala lolowetsera galimoto kwa kanthawi. Lisunge ngati mwana wakhanda, ndipo ufunse a kasitomu pompo ngati chipata chaching'ono chimene wasankha kummwera chimalandira galimoto ya nambala ya ku Malawi. Safunsa anadya phula, ndipo phula la m'chipululu ndi lowawa zedi.

Kuchoka ku Kasane kupita ku Nata ndi makilomita pafupifupi 300 a tchire lokhalokha, ndipo njovu zimawoloka msewu ngati mbuzi za pa Lizulu. Masana uziona patali n'kuima. Usiku njovu ilibe nyali, ndipo khungu lake limafanana ndi phula. Kummwera njovu zimatha, abulu ndi ng'ombe n'kulowa m'malo mwake. M'Botswana dzuwa likalowa, iwenso lowa m'nyumba.

Pali chinanso chomwe chinandichititsa manyazi. Dziko limeneli limagulitsa nyama ya ng'ombe kunja, ndiye limadziteteza ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ndi mipanda yodula dziko pakati. Pa geti lina la mipanda imeneyi anatitsitsa tonse, natipondetsa pachiguduli chonyowa ndi mankhwala, nsapato zonse za m'zikwama tinazitulutsa n'kuzipondetsanso, galimoto n'kudutsa m'chithaphwi cha mankhwala omwewo. Kenako mayi wa yunifolomu anatsegula kabokosi kathu koziziritsira. Munali nyama yaiwisi imene ndinagula m'mawa womwewo kuti tikaotche madzulo. Anangondiyang'ana n'kuloza chikwangwani chimene ndinachidutsa osawerenga. Nyamayo inatsala pomwepo. Kamba wa paulendo wotere akhale mtedza wokazinga, buledi ndi madzi ambiri.

Tsopano chipata chenichenicho. Malole ndi mabasi amalowa ku South Africa kudzera pa Martin's Drift, Tlokweng, Pioneer Gate kapena Ramatlabama. Ife tinapitirira, kudzera ku Jwaneng kumene amakumba dayamondi, n'kukhotera kummwera pa Sekoma mpaka ku Tsabong, pakati pa mchenga wofiira wa Kalahari. Kutsogolo pang'ono kwa Tsabong kuli McCarthy's Rest. Ndinachisankha chifukwa chimakutulutsira pafupi ndi Kuruman, ndipo kuchoka apo msewu wa N14 umakufikitsa ku Upington, kumene mphesa zimayambira, osaona n'komwe utsi wa ku Johannesburg.

Ndinafikapo mochedwa. Ndinali nditawerenga makilomita pamapu n'kuwagawa ndi liwiro la galimoto, ngati mwana wa sukulu, osawerengera abulu, tulo ta masana ndi mzere wa pa filing'i siteshoni. Tinapeza geti lili chitsekere, loko atapachika, mbendera atatsitsa, kuli zii kupatula mphepo ndi mbalame zina zomwe zamanga chisa chachikulu ngati denga la udzu pamtengo. Panalibe woti n'kumuchonderera, ndipo kulakwa kunali kwanga. Zipata zazing'ono zimagwira ntchito masana okha, ndipo ogwira ntchitowo amaweruka ngati wina aliyense. Tinabwerera ku Tsabong kukafuna pogona, azakhali ako osandilankhula njira yonse. Usakhulupirire maola amene waona pa intaneti chaka chatha. Imba foni, funsa pa filing'i siteshoni ya m'tauni yomaliza, ndipo konza zofika masana dzuwa lili pamutu. Zipata zina za pa mtsinje wa Limpopo, monga Pont Drift, galimoto siziwoloka madzi akasefukira, ndipo nyengo yokolola mphesa, January mpaka March, ndi nyengo yomweyo ya mvula kumeneko.

M'mawa mwake tinali galimoto yachiwiri, yoyamba inali ya mlimi wonyamula mchere wa ng'ombe. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti chipata cha zii si chipata cha tulo. Paboda yaikulu wodinda ali ndi anthu mazana kumbuyo kwako, amangofuna uchoke. Pano ali ndi iwe wekha ndi m'mawa wonse. Bambo wa pazenera anatembenuza pasipoti yanga tsamba ndi tsamba, mnzake anatuluka ndi bulu buku n'kukawerama pa injini kuwerenga nambala imodziimodzi, chala chikutsata. Anafunsa kumene tikagone, ndinatulutsa pepala la malo ogona. Anafunsa kalata ya Interpol, ndinatsegula envulopu yachitatu. Zonse zitagwirizana anamwetulira n'kufunsa ngati nyanja yathu ilidi ndi mafunde. Tinacheza za chambo kwa kanthawi. Moni ukhale patsogolo pa pasipoti: mbali ya Botswana "Dumela rra" kwa bambo, "Dumela mma" kwa mayi, chipewa uvule, magalasi akuda uchotse. Ndipo za "ya Fanta" zija uzisiye kumene unaziphunzira. Pamalo opanda khamu palibe pobisala, ndipo mlandu wa chiphuphu ukaugwera kumeneko, wokuombola ali pa mtunda wa masiku anayi.

Ku Kuruman uimeko ndithu. Pali kasupe wotuluka pansi pa thanthwe, wosaphwa ngakhale pachilala, ndipo kunja kwa tauni kuli mishoni ya Robert Moffat, amene anamasulira Baibulo lonse m'Chitswana. David Livingstone anafikira pamenepa mu 1841, n'kukwatira Mary, mwana wa Moffat, mu 1845, zaka zambiri asanaione nyanja yathu mu 1859. Ukaima pansi pa mitengo ya pamenepo udziwe kuti njira imene wabwera pa galimotoyi ena anaiyenda chobwerera pa ngolo za ng'ombe.

Upington imadzidzimutsa. Umayenda maola m'dziko louma la miyala ndi zitsamba zotuwa, kenako mwadzidzidzi n'kuona mzere wobiriwira bii, wotsata mtsinje wa Orange. Mvula kuno ndi yochepa kwambiri. Mipesa yonse imamwa madzi a m'ngalande zochokera mumtsinjewo, ndipo ku Kakamas ngalande zina anazikumba ndi manja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Ukatuluka pang'ono m'mphepete mwa ngalande, chipululu chayambiranso. Alimi akuno anapanga bungwe lawo lofulula vinyo mu 1965, lomwe lero limatchedwa Orange River Cellars, ndipo mphesa zambiri saziponda n'komwe, amaziyanika pa simenti ngati mmene timayanikira mphale, kuti zikhale zouma zoika m'makeke. Ndinakonda kuno kuposa ku Cape, ndinene zoona. Palibe amene amakuyang'ana nsapato, ndipo mtengo wa botolo sudodometsa munthu wa makwacha.

Za kalawidwe, mvera bwino. Umalipira kandalama pang'ono, n'kukuthirira mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, pang'onopang'ono pansi pa tambula. Patebulo pamakhala kachidebe. Ine ndinkayesa n'kotayamo zinyalala, mpaka ndinaona mayi wina wovala bwino akuzunguza vinyo m'kamwa n'kulavuliramo, nkhope ili phee. Kwathu kulavula chimene wapatsidwa n'chipongwe, ndipo mmero umakana. Koma kachidebe kameneko ndi ka iwe woyendetsa. Lamulo la South Africa limaletsa kuyendetsa mowa ukafika magalamu 0.05 pa mamililita 100 a magazi, ndipo timadontho ta minda itatu tikaphatikizana tapyola kale pamenepo, mwini wake ukudziona ngati uli bwinobwino. Kutentha kwa ku Upington mu January nthawi zina kumapitirira madigiri 40, ndipo vinyo pa dzuwa lotere amakwera kumutu msanga kuposa kachasu wa pa maliro. Mlendo akagwidwa amagona m'chitokosi, galimoto n'kutsala pamsewu ndi nambala yachilendo. Mugawane masiku ndi anzako: wa chiwongolero lero alavule kapena amwe madzi a mphesa, mawa ndi tsiku lake.

Usachitenso manyazi ndi lilime lako. Ambiri a ife tinakulira thobwa ndi tiyi wa shuga atatu, ndiye vinyo wofiira wouma uja amatimanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Nena kuti umakonda wotsekemera, akupatsa Hanepoot kapena Jerepigo. Ukafuna woyera wopepuka pempha Colombard kapena Chenin Blanc, mtundu umene unabzalidwa kwambiri m'dzikolo. Kunamizira kuti ukumva fungo la zipatso zimene sunazionepo n'kudzitopetsa chabe.

Ngati nthawi ndi mafuta zilipo, tsikira ku Cape, makilomita pafupifupi 800 kudzera ku Kenhardt, Brandvlei ndi Calvinia, kumene umatha makilomita oposa 100 osaona sitolo. Thanki ikafika theka, thira. Kumeneko ndiye kuchimake. Jan van Riebeeck analemba kuti vinyo woyamba wa ku Cape anapondedwa pa 2 February 1659. Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, ndipo Afalansa othawa nkhanza za chipembedzo anafika mu 1688 n'kukhala m'chigwa chomwe lero ndi Franschhoek. Ku Stellenbosch komweko Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut, n'kubala Pinotage, amene eni dziko amamunyadira. Ndipo iwe mwana wa Sinodi ya Nkhoma uli ndi chako kumeneko: A.C. Murray, amene anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, anaphunzira ubusa m'tauni yomweyi. Ndinaseka ndekha pokumbukira agogo ako, mkulu wa mpingo wodana ndi masese mpaka imfa, osadziwa kuti aphunzitsi awo anachokera pakati pa migolo ya vinyo.

Nyumba zake ndi zoyera mbee, mapiri kumbuyo, udzu wometedwa bwino. Ujambule zithunzi, koma uyang'anenso kuseri kwa mizere ya mipesa, kumene kuli tinyumba ta antchito. Minda yoyambayo inalimidwa ndi akapolo ochokera ku Mozambique, Madagascar, India ndi zilumba za ku Indonesia. Ukapolo utatha panatsala chizolowezi chotchedwa dop, cholipira wantchito gawo la malipiro ake ndi vinyo, kangapo patsiku. Lamulo linachiletsa kalekale koma m'minda ina chinapitirira mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikuoneka pa ana obadwa olumala ubongo chifukwa cha mowa wa amayi awo ali oyembekezera. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito, ndipo malipiro otsikitsitsa a patsiku anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105 chaka chotsatira. Sindikuti usamwe. Ndikuti wokuthirirayo umupatse moni ngati munthu, ndipo kandalama kothokoza usakaumire.

Pa munda wina, tikutsika m'galimoto, mnyamata wothirira maluwa anaima chilili, paipi ili m'manja, maso pa nambala yathu. Anayandikira pang'onopang'ono, nati, "Bambo, pepani, galimoto imeneyi mwachoka nayo kumudzi?" Nditavomera anagwira boneti ndi manja awiri ngati akugwira phewa la mbale wake. Anali wa ku Mangochi, zaka zisanu osaponda kwawo, ndipo vinyo wa pamundapo anali asanamulawepo chifukwa ndi Msilamu. Madzulo anabwera kumene tinagona ndi kaphukusi ka amayi ake. Zoterezi zidzakupeza nawenso, pakuti abale athu ali ponseponse m'minda ndi m'malesitilanti a kumeneko. Usakane msanga, koma phukusi alitsegule pamaso pako, chinthu chimodzichimodzi, chifukwa paboda chilichonse cha m'galimoto ndi chako. Lake munali bulangeti, foni ndi nsapato za mwana. Nditakapereka, mayiwo sanafunse za ndalama. Anafunsa ngati mwana wawo wanenepa.

Pobwerera m'pamene anthu ambiri amalira. Vinyo umugule tsiku lomaliza, ndipo usamuike m'buti, mmene mumatentha ngati uvuni mukamadutsa Kalahari. Ndinataya mabotolo awiri otero, zotsekera zitatukumuka, fungo lokhalokha pa sipeya. Makatoni akhale pansi kumbuyo kwa mipando, utawafunditsa chitenje chonyowa. Polowa m'Botswana munthu wamkulu amaloledwa malita 2 a vinyo popanda msonkho, ndipo Zambia ndi Malawi ali ndi miyeso yawoyawo, imene uyenera kuifunsa usanagule. Onetsa zonse, malisiti ali m'manja. Msonkho wa mabotolo ochepa ndi wotchipa kuposa kulandidwa katoni yonse. Ndiponso ngati ukufuna kubwezeredwa VAT ya 15 peresenti imene mlendo amatha kuitenganso pa katundu wotuluka naye, dziwa kuti zimenezo zimachitikira pa zipata zikuluzikulu za malonda zokha. Ine ndinatulukiranso pa kachipata kanga ka zii, malisiti onse ali m'envulopu, ndipo akadali momwemo mpaka lero.

Ubwere Loweruka ndi bulu buku yako ndi pasipoti tidzazione limodzi. Mapu anga akale ndikadali nawo, ndi zolemba za pensulo za malo othira mafuta. Botolo limodzi la Hanepoot latsala m'kabati, ndiye galimotoyo uisiye kwanu, ubwere pa minibasi.